Prom ya ana ophunzirira pakhomo: mmene mungaikonzere

Mwana wanga woyamba atalowa giredi 11, tsiku lina tikusenda mbatata kukhitchini anangofunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti ineyo prom sindidzaiona?" Ndinangoti kukamwa yasa, mpeni uli m'manja. Ife timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo ana athu tinayamba kuwaphunzitsira pakhomo mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Masamu, sayansi, Chingerezi, zonsezo tinali titazipezera njira. Za dansi sindinaziganizireko n'komwe.

Kwa inu amene mwangofika kumene kuno, kapena mukuwerenga muli kumudzi, prom ndi dansi ya ana a giredi 11 ndi 12, amsinkhu wa Folomu 3 ndi Folomu 4, yomwe sukulu za ku America zimachititsa mu Epulo kapena Meyi chaka cha maphunziro chikamatha. Atsikana amatchena madiresi aatali, anyamata masuti, amajambulitsa, amadya, amavina. Mwana wokulira kuno amaliyembekezera tsikuli kwa zaka. Kusukulu zonse zimayenda zokha: ahedi amasaina mapepala, aphunzitsi amayang'anira, inshulansi ilipo kale, ndipo anawo amadziwana kuyambira ali aang'ono. Mwana wophunzirira pakhomo ahedi ake ndinu, aphunzitsi ake ndinu, ndipo mukapanda kudzuka inu, dansi kulibe.

Mwayi wake ndi wakuti sitili tokha. Kafukufuku wa U.S. Census Bureau, bungwe la boma lowerengera anthu, anapeza kuti mu 2020 mabanja ophunzitsa ana pakhomo anakwera kuchoka pa 5.4 peresenti kufika pa 11.1 peresenti m'miyezi yochepa chabe, ndipo pakati pa mabanja a anthu akuda anachoka pa 3.3 kufika pa 16.1 peresenti. Ena anabwerera kusukulu mliri utatha, koma otsala alipo okwanira kudzaza holo. Ine ndakhala mu komiti ya dansiyi zaka zitatu, ndipo ndaona kuti holo imapezeka, ndalama zimapezeka. Chimene chimagwetsa dansi ya ana athu ndi kusadziwana, ndiye pokonza chilichonse muzikumbukira chimenecho.

Yambani mu Okutobala, ndipo yambani ndi zovuta kukamba

Pezani makolo asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ngati muli m'gulu la makolo ophunzitsira ana limodzi, lomwe kuno timati co-op, yambirani pomwepo. Ngati mulibe gulu, funsani kutchalitchi, kulaibulale, kapena m'magulu a pa Facebook a m'dera lanu. Mutu umodzi susenza denga, komabe komiti ikakula kwambiri msonkhano umathera pa mtundu wa nsalu ya patebulo. Pakhale wapampando, msungichuma, woona za holo, woona za chakudya ndi woona za chitetezo. Onjezanipo achinyamata atatu kapena anayi ndipo muziwamvera. Nyimbo, mitundu ya zokongoletsera ndi mutu wa dansi ndi zawo. Ndalama, malamulo ndi chitetezo ndi zanu.

Pamsonkhano woyamba musakambe za maluwa. Kambani za zomwe banja lililonse lingalole ndi zomwe silingalole. Anthu amaphunzitsa ana pakhomo pa zifukwa zosiyana kwambiri: ena n'chifukwa cha chipembedzo, ena mwana wawo ankazunzidwa ndi anzake kusukulu, ena mwana ali ndi vuto lofuna chisamaliro chapadera, ena sanakhutire ndi maphunziro. Anthu otere simungayembekezere kuti agwirizana okha pa nkhani ya mavinidwe. Funsanani mosabisa. Kodi mnyamata ndi mtsikana angavine atagwirana? Nyimbo za mawu otani sizidzaloledwa? Kodi tidzayamba ndi pemphero? Ana a giredi 9 ndi 10 alowe nawo? Nanga mwana akafuna kubwera ndi mnzake wa kusukulu ya boma? Mukagwirizana, lembani. Chaka chathu choyamba tinachita manyazi kufunsana zimenezi, ndipo mu Malichi mabanja awiri anatuluka atamva kuti kudzakhala nyimbo zovina awiriawiri. Sanalakwe. Tinalakwa ndife amene sitinanene poyamba.

Tsiku

Apa ndi pamene ife ophunzitsira pakhomo tili ndi mwayi woposa sukulu. Loweruka lililonse la Epulo ndi Meyi maholo amakhala atatengedwa kale ndi ma prom a sukulu komanso maukwati, ndipo mtengo umakwera. Ife sitimangidwa ndi belu la m'mawa, choncho Lachinayi madzulo ndi lotheka, ndipo maholo ambiri amatsitsa mtengo mkati mwa sabata.

Musanasankhe, tsegulani kalendala. Mayeso olowera ku koleji a ACT amakhalapo Loweruka lina mu Epulo, anzake a SAT kumayambiriro kwa Meyi, ndipo a AP, a maphunziro a mulingo wa ku koleji, amatenga masabata awiri mu Meyi momwemo. Pewaninso sabata ya Pasaka ndi Lamlungu lachiwiri la Meyi lomwe ndi tsiku la anakubala kuno.

Kuno kwathu pali china. Tili pafupi ndi Berrien Springs ku Michigan, komwe kuli Andrews University, ndipo mabanja a Seventh-day Adventist ndi ambiri, a ku Malawi ali momwemo. Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa n'kutha Loweruka dzuwa likalowa, ndipo kumapeto kwa Epulo dzuwa kuno limalowa cha m'ma 8:30 usiku. Mukaika dansi Lachisanu kapena Loweruka, mwawatsekera kunja musanawafunse. Ena mwa iwo savina n'komwe, koma amalola ana kubwera kudzadya ndi kujambulitsa. Mukaika chakudya poyamba, dansi pambuyo, ana amenewa amakhala nawo gawo loyambalo n'kunyamuka mwaulemu.

Holo

Pofika Novembala holo ikhale itapezeka. Yang'anani maholo a matchalitchi, a m'mapaki a boma, a mabungwe a m'dera, ngakhale nkhokwe zakale za m'mafamu zomwe anazisandutsa malo a zikondwerero. Pitani nokha mukaone, musadalire zithunzi, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Imani pakati pa holoyo n'kuwerenga makomo: pamene makomo achuluka, m'pamenenso mudzafune akuluakulu ambiri oyang'anira. Onani chikwangwani cha chiwerengero cha anthu ololedwa, chomwe chimakhomedwa pakhoma. Funsani ngati matebulo ndi mipando zili m'kati mwa mtengo, ngati mungabwere ndi chakudya chanu, nthawi yomwe angakutsegulireni kuti mukongoletse, nthawi yotulukira, komanso zomwe zingachititse kuti ndalama ya chikole isabwezedwe. Malo ambiri amakana makandulo, misomali kukhoma ndi timapepala tonyezimira towaza pansi. Onaninso ngati mwana woyenda pa njinga ya olumala angalowe ndi kufika kuchimbudzi.

Musatenge holo yaikulu kuposa gulu lanu. Ana 70 m'holo ya anthu 400 amaoneka ngati nkhuku zanyowa ndi mvula, aliyense pakona pake. Kuli bwino athinane pang'ono.

Eni holo ambiri adzakufunsani inshulansi ya tsikulo, kawirikawiri yofika madola 1 miliyoni, ndipo adzafuna dzina lawo lilembedwe pa satifiketi yake. Musachite mantha ndi chiwerengerocho, ndi ndalama yomwe kampani ingalipire ngozi itachitika, osati yomwe mupereke inu. Ngati co-op yanu ili kale ndi inshulansi, imbani foni mufunse ngati ikukhudzanso dansi yausiku yochitikira kwina. Ngakhale eni holo asafunse, gulanibe. Amene wasaina pangano ndi kholo limodzi, ndipo mwana akaterereka n'kuthyoka mwendo mlandu umafika pakhomo pa kholo limenelo.

Ndalama

Tiyerekeze kuti mukuyembekeza ana 80. Holo madola 900, DJ 500, chakudya 1,200, inshulansi 150, zokongoletsera 300, wojambula 300, ndi 350 ya zogwa mwadzidzidzi. Zonse pamodzi ndi madola 3,700. Musagawe ndi 80. Gawani ndi 65, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo olonjeza kubwera sabwera onse. Tikiti ikubwera pa madola 57, inu ikani 60. Mitengo ya kwanu idzasiyana ndi iyi, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Zotsalazo mulipirire mwakachetechete ana amene makolo awo zawavuta. Mabanja ambiri ophunzitsira pakhomo amadalira malipiro a munthu mmodzi, ndipo ena ali ndi ana awiri amsinkhu wa prom nthawi imodzi.

Matikiti ayambe kugulitsidwa mu Januwale, otchipirako kwa ogula msanga, ndipo atsekedwe kutatsala milungu iwiri. Pakhomo pasagulitsidwe tikiti. Mwana aliyense alembetse pa Google Forms, alipire kudzera pa Zelle kapena Venmo (njira zotumizira ndalama pa foni) kapena cheke, ndipo anthu awiri aziona ndalama zolowa ndi zotuluka. Ndalama za gulu zisasakanikirane ndi za m'thumba la munthu.

Malamulo alembedwe, asainidwe

Tsamba limodzi ndi lokwanira, losainidwa ndi mwana komanso kholo. Palembedwe nambala ya foni ya kholo, matenda kapena zakudya zomwe mwana sayanjana nazo, amene adzamutenge pobwerera, komanso ngati banjalo likulola kuti zithunzi za mwana wawo ziikidwe pa intaneti. Mowa ndi fodya, kuphatikizapo wa vape, malamulo a dziko lino amaletsa kugulitsa kwa aliyense wosafika zaka 21, ndiye apo palibe zokambirana. Wotuluka m'holo watuluka, sabwereranso, ndipo kholo lake liimbiridwe foni nthawi yomweyo. Mlendo wochokera kunja kwa gulu adzaze fomu yomweyo, ndipo muike malire a zaka.

Nkhani ya zovala ndi imene imaliritsa ana ambiri, choncho ndikhalitsapo. Mawu akuti "valani modzilemekeza" sathandiza, chifukwa kudzilemekeza kwa banja ili si kwa banja ilo. Lembani zoyezeka: diresi lifike pati, mng'ambo ulekeze pati, kumsana kutseguke kufika pati. Anyamata nawo alembedwe: jekete, tayi, nsapato zotseka, shati isavulidwe. Tumizani malamulowa mu Januwale anthu asanagule kanthu. Sankhani mayi mmodzi wodekha amene atsikana okayika angamutumizire chithunzi cha diresi asanalipire. Ndipo pa tsikulo, zivute zitani, musabweze mtsikana pakhomo anzake akuona. Mwana amene watha tsiku lonse akukonza tsitsi, n'kudzauzidwa pagulu kuti wavala zolakwika, sadzaiwala manyazi amenewo. Ife timasunga mashawelo anayi kapena asanu ndi mapini m'chipinda cha pambali. Mayi uja amamuitanira kumeneko, amakonza zofunika kukonza, mtsikana n'kulowa akumwetulira.

Mtengo wa zovalazo nawo ungalepheretse ana kubwera. Mu Febuluwale konzani tsiku losinthana madiresi ndi masuti a chaka chatha. Ku Goodwill, sitolo ya kaunjika, ndi pa Facebook Marketplace kumapezekanso zabwino. Mwana wanga anasoketsa diresi la chitenje chomwe azakhali ake anatumiza kuchokera ku Limbe, mng'ono wake n'kudzalivalanso patapita zaka ziwiri atalibweza pang'ono m'chiuno.

Athandizeni kudziwana tsiku lisanafike

Chaka choyamba tinakonza zonse bwinobwino. Mabaluni, magetsi amitundumitundu, DJ wodziwa ntchito. Nyimbo itayamba, anyamata anaima kukhoma la kumanja, atsikana la kumanzere, pakati pali mbee. Ndimakumbukira mnyamata wina wamtali, suti yake yomukulira mapewa, ataima pa tebulo la zakumwa atagwira kapu yopanda kanthu pafupifupi ola lathunthu. Ankangoitembenuza m'manja, maso ali pansi. Panalibe amene ankamudziwa dzina. Mtima unandiwawa, chifukwa tinamuitana ndife.

Chaka chotsatira tinasintha, ndipo izi ndi zomwe ndikukupemphani kuti musadumphe.

Konzani maphunziro a kavinidwe katatu dansi isanafike, ola limodzi ndi theka ulendo uliwonse, ndipo mtengo wake ukhale m'kati mwa tikiti. Pezani munthu wodziwa swing, waltz ndi magule ovina pamzere. Chipinda cha kutchalitchi n'chokwanira. Chinsinsi chake n'chakuti ana azisinthana ovina nawo pakangotha mphindi ziwiri, ndipo posinthana aliyense atchule dzina lake. Pakutha pa maulendo atatuwo mwana aliyense wagwirana chanza ndi anzake 30 kapena kuposerapo, wapondana nawo zala, waseka nawo. Pomwepo aphunzitseninso kapemphedwe ndi kakanidwe. Magulu ena amaika lamulo loti mtsikana asakane akapemphedwa kuvina. Ine lamulo limenelo sindigwirizana nalo. Mtsikana akhale ndi ufulu wonena kuti "zikomo, koma panopa ayi," ndipo mnyamata aphunzire kulandira yankho limenelo osakwiya, osachita manyazi. Phunziro limeneli adzalifuna moyo wake wonse.

Lengezani momveka kuti palibe chifukwa chobwera ndi chibwenzi. Ambiri mwa ana athu amabwera m'magulu a anzawo kapena ndi abale awo, ndipo zimakoma choncho. Pa fomu funsani mwana aliyense atchule anzake awiri omwe akufuna kukhala nawo patebulo, kenaka inu mukonze matebulo a anthu 8, kusakaniza timagulu tiwiri kapena titatu. Amene sanatchule aliyense muikeni pafupi ndi mwana wochezeka, ndipo mumunong'oneze wochezekayo.

DJ mukhale naye pansi kusanafike tsiku. Mupatseni mndandanda wa nyimbo zomwe ana asankha ndi zomwe komiti yakana, ndipo mumuuze kuti zopempha za pompopompo azingoika zomwe wazimvera kale mawu ake. Chachikulu, muuzeni kuti ntchito yake ikhale ngati ya MC wa paukwati wa kwathu, amene salola anthu kukhala pansi pa pelekanipelekani. Ayambe ndi gule wa pamzere yemwe onse anaphunzira, chifukwa ameneyo safuna kupempha munthu. Nyimbo zodekha zikhale zochepa, zotalikirana. Chaka chachiwiricho bwalo linadzaza pa nyimbo yachiwiri, ndipo chakumapeto ana athu a ku Malawi ndi a ku Zambia anapanga bwalo n'kumaphunzitsa anzawo mapazi a amapiano. Mnyamata wa kapu uja anabweranso, ndipo anavina mpaka kuvula jekete.

Siyaninso malo a ana osakonda phokoso. Kachipinda kowala bwino, chitseko chotsegula, mipando, makhadi ndi masewera a patebulo, wamkulu mmodzi ali chapafupi. Ana ena, makamaka omwe ali ndi autism, vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo, amatopa msanga ndi magetsi othwanima ndi masipika. Akapuma mphindi khumi amabwerera okha.

Za mfumu ndi mfumukazi ya prom, zomwe kusukulu amavotera, kwa ife zilibe tanthauzo chifukwa gulu lalikulu ndi lomwe lingapambane nthawi zonse. Ife tinazisiya. M'malo mwake timaitana ana onse a giredi 12 mmodzimmodzi, kutchula dzina ndi zomwe akufuna kukachita akamaliza, anzawo n'kuwaombera m'manja. Kwa ena a iwo, aka kamakhala koyamba kuitanidwa dzina pagulu la anzawo.

Chakudya

Chikhale chosavuta kudya munthu atavala zoyera. Ana ovina amamwa madzi kwambiri kuposa mmene amadyera, ndiye madzi achuluke. Mabanja akhoza kubweretsa mbale ngati eni holo alola, koma mbale iliyonse ikhale ndi kapepala konena zomwe zili m'katimo. Kuno malamulo amatchula zakudya 9 zomwe zimadwalitsa anthu ambiri osayanjana nazo: mkaka, mazira, nsomba, nkhanu ndi zinzake, mtedza, mtedza wa m'mitengo, tirigu, soya ndi chitowe, chomwe chinawonjezedwa mu 2023. Ife a kumudzi tinazolowera kuthira nsinjiro osaganiza kawiri, koma kuno mtedza pang'ono chabe ungathe kutsekereza mwana kupuma. Usiku umenewu mtedza usalowe m'holo. Mandasi ndi masamusa amatha msanga, ingoonetsetsani mafuta omwe mwakazingira. Mwana woyenda ndi EpiPen, jakisoni wopulumutsa munthu akadya chomwe sayanjana nacho, adziwike kwa oyang'anira, ndipo adziwe komwe waiika.

Oyang'anira ndi ulendo wobwerera

Ine ndimawerengera wamkulu mmodzi pa ana 10, abambo ndi amayi, onse odziwika bwino ku gulu. Aliyense apatsidwe malo ake: pakhomo, kukhonde la kuzimbudzi, koimika magalimoto, m'mbali mwa bwalo. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, azikhala awiri nthawi zonse. Ngati pakati panu pali namwino, mupempheni akhalepo ndi bokosi la mankhwala. Auzeni oyang'anira kuti abwera kudzateteza, osati kudzalondalonda ana awo. Mwana wophunzirira pakhomo amakhala ndi makolo ake tsiku lonse, sabata yonse. Mpatseni maola anayi awa apume. Makolo ena onse aloledwe theka la ola loyamba kuti ajambule, kenaka atsanzike.

Za magalimoto muzikonzeretu. Ku Indiana, wachinyamata amene wangolandira laisensi saloledwa kuyendetsa pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa kwa masiku 180 oyamba, ndipo m'masiku amenewo sanyamula anzake pokhapokha pampando wakutsogolo pali wamkulu wovomerezeka. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, onani a kwanu. Dansi yotha 10:30 ikutanthauza kuti ana ambiri adzafuna owatenga. Wa pakhomo akhale ndi mndandanda, azichonga mwana aliyense polowa ndi potuluka, ndipo akuluakulu awiri asachoke mpaka mwana womaliza atakwera galimoto.

Tsiku lenilenilo ndi m'mawa mwake

Okongoletsa afike masana, DJ ayese zida zake kutatsala ola limodzi, makamaka ngati holoyo ndi yakale ndipo masoketi ndi ochepa. Zitseko zitseguke 6:30, zithunzi mpaka 7 koloko, chakudya, kuitana a giredi 12, ndipo pofika 8 koloko gule ayambe. Nyimbo yomaliza ilengezedwe kuti ndi yomaliza.

Osesa akhale anthu ena, osati omwe anakongoletsa masana, chifukwa amenewo pofika usiku miyendo imakhala itakana. Bweretsani matumba a zinyalala anuanu. Mukamaliza, jambulani holo yonse pa foni, pansi, makoma ndi kukhitchini, kuti pasadzakhale kukangana pa ndalama ya chikole.

Sabata isanathe, msungichuma atumize kwa makolo onse mmene ndalama zayendera, ndipo ana afunsidwe zomwe zinawakomera ndi zomwe zinawasowetsa mtendere. Zonsezi, pamodzi ndi pangano la holo, satifiketi ya inshulansi, fomu ya malamulo ndi manambala a DJ ndi mphunzitsi wa gule, ziikidwe m'faelo imodzi. Makolo a komiti amachoka ana awo akamaliza giredi 12, choncho wapampando wa chaka chamawa asankhidwe Juni asanafike. Faelo yathu pano ili ndi mayi wina amene mwana wake akulowa giredi 11 mu Ogasiti, ndipo eni holo wawaimbira kale foni.